Mmene mungawonjezere viza ku South Africa ndi kukonza medical aid yovomerezeka

Tsegulani pasipoti yanu pa tsamba la viza, muone tsiku limene ikuthera. Kuchokera pa tsikulo werengani masiku 60 chobwerera m'mbuyo, ndipo tsiku limene mwafikapolo mulilembe pakhoma pomwe muziliona m'mawa uliwonse. Tsiku lanu lenileni ndi limenelo. Malamulo olowera ndi kukhala mu South Africa, omwe anasinthidwa mu Meyi 2014, amati wofuna kuwonjezera viza apereke pempho lake kutatsala masiku osachepera 60 kuti viza ithe. Ngati viza yanu ya sukulu ikutha pa 31 Disembala, monga zimakhalira kwa ophunzira ambiri, mapepala anu akhale atalowa pofika pa 1 Novembala.

Anzathu ambiri kuno ku Joni amayang'ana tsiku lodindidwa lija n'kumati nthawi ikadalipo. Pomadzadzidzimuka ili Disembala, malo okaperekera mapepala adzaza, woti asaine kalata ya ku sukulu wapita ku tchuthi, ndalama za medical aid (umembala wa bungwe lolipirira chithandizo cha kuchipatala) sizinasonkhanitsidwe. Malangizo awa ndi a munthu amene analowa mwalamulo ndipo viza yake ikadali ndi masiku. Amene masiku anamuthera kale ndimukhudza kumapeto, chifukwa njira yake ndi ina.

Yambani ndi kudziwa mtundu wa viza yanu

Mmalawi wa pasipoti wamba amalowa mu South Africa osapempha viza kumudzi, ndipo pachipata amamudindira masiku osapitirira 30 ngati mlendo. Ndikuti osapitirira chifukwa wa pachipata akhoza kulemba ochepera pamenepo. Musachoke pawindo la pa Beitbridge kapena pa bwalo la ndege la OR Tambo musanawerenge chimene walemba. Viza ya mlendoyi imawonjezeredwa kamodzi kokha, ndipo masiku owonjezerawo sapitirira miyezi itatu. Lamulo la masiku 60 silingatheke kwa munthu wopatsidwa masiku ochepa chotere, n'chifukwa chake wopatsidwa masiku ochepera 30 amayenera kupempha kutatsala masiku asanu ndi awiri a ntchito. Uphungu wanga ndi wakuti ngati mukudziwa kuti mufuna masiku ena, kapempheni sabata yoyamba yomwe mwafika.

Pali chinthu china chimene chimagwetsa anthu ulesi akachidziwa mochedwa. Wolowa ngati mlendo saloledwa kusintha viza yake kukhala ya ntchito kapena ya sukulu ali m'dziko momwemo. Ayenera kubwerera kwawo n'kukapempha ali kumeneko. Amene amamveredwa chisoni ndi ochepa, monga wodwala mwadzidzidzi wofunika chithandizo chopulumutsa moyo, mkazi, mwamuna kapena mwana wa munthu amene ali ndi viza ya ntchito kapena ya bizinesi, komanso, kuchokera pa chigamulo cha khoti lalikulu la Constitutional Court mu 2019, mkazi, mwamuna kapena mwana wa nzika ya South Africa kapena wa munthu wokhala ndi chilolezo chokhazikika. Wina akakuuzani kuti ali ndi njira yosinthira masiku 30 kukhala viza ya ntchito musanatuluke, gwirani thumba lanu.

Viza ya sukulu ndi ya ntchito zimawonjezeredwa muli komweko. Fomu yowonjezerera viza yomwe muli nayo kale ndi DHA-1739. Ngati mwasintha sukulu, maphunziro kapena bwana, kumeneko si kuwonjezera ayi, ndi kusintha zolembedwa pa viza, ndipo fomu yake ndi DHA-1740. Kusankha fomu yolakwika n'kokwanira kuti pempho likanidwe, ndalama zanu osabwezedwa.

Pasipoti

Pasipoti ikhale ndi moyo wopitirira masiku 30 kuchokera pa tsiku limene viza yomwe mukupemphayo idzathere, ndipo ikhale ndi masamba opanda kanthu. Ngati yatsala pang'ono kutha, yambani ndi iyo musanakhudze china chilichonse. Funsani ku ofesi ya kazembe wa Malawi ku Pretoria kapena ku ofesi yathu ya ku Johannesburg miyezi ingapo nthawi isanakwane. Tonse tikukumbukira kumayambiriro kwa 2024 pamene makina opangira mapasipoti kumudzi anaima kwa masabata angapo. Amene anadikira mapeto ndi amene anavutika.

Medical aid: apa ndiye tikhalepo pang'ono

Kwa wophunzira, medical aid si nkhani ya kufuna kapena kusafuna. Ndi limodzi mwa mapepala a viza. Lamulo limati wopempha viza ya sukulu aonetse umboni wakuti ali mu bungwe la medical aid lolembetsedwa pansi pa lamulo la Medical Schemes Act la 1998, ndipo azilipira chaka ndi chaka mpaka maphunziro atathe. Mawu ofunika apa ndi akuti lolembetsedwa. Mabungwe onse ovomerezeka ali pa mndandanda wa Council for Medical Schemes, ndipo mndandandawo uli pa intaneti. Musanalipire ngakhale randi imodzi, pezani dzina la bungwelo pamenepo.

Zimene zikutanthauza n'zakuti khadi lanu la MASM, ngakhale likukutumikirani bwino ku Blantyre ndi ku Lilongwe, silingakupezereni viza ya sukulu, chifukwa silinalembetsedwe ku South Africa. Inshuwaransi ya paulendo imene anthu amagula pamodzi ndi tikiti ya ndege nayonso siyiwerengedwa. Chimene chimasokoneza kwambiri ndi malonda otchipa omwe amatchedwa health insurance kapena hospital cash plan. Amenewa ndi inshuwaransi wamba, yoyendetsedwa ndi malamulo ena. Ena mwa iwo amangokupatsani ndalama yoikika pa tsiku lililonse limene mwagona m'chipatala, kaya bilu yakwera bwanji. Mtengo wake umakopa, koma a viza saulandira, ndipo tsiku la opaleshoni mudzaona kusiyana kwake.

Mabungwe otseguka kwa aliyense ndi monga Discovery Health Medical Scheme, Bonitas, Momentum, Medihelp ndi Fedhealth. Ophunzira ochokera kunja ambiri amalowa gawo la Momentum lotchedwa Ingwe chifukwa linakonzedwa poganizira anthu opeza zochepa. Sindikukusankhirani bungwe. Pitani ku ofesi ya ophunzira akunja ya pa yunivesite yanu mufunse mabungwe amene amagwira nawo ntchito, chifukwa pa nthawi yolembetsa mu Januwale kapena Febuluwale adzafunanso kuona pepala lomwelo, ndipo mayunivesite ambiri amafuna kuti chaka chonse chikhale cholipiridwa kale.

Tsono onani pamene masiku 60 aja akumana ndi medical aid. Pepala la umembala limene mudzapereke mu Okutobala lisonyeze kuti muli otetezedwa m'nthawi imene mukupemphayo, osati chaka chomwe chikuthachi chokha. Ndiye kuti ndalama ya chaka chamawa ikufunika mu Seputembala kapena Okutobala, osati mu Januwale pamene makolo kumudzi amayembekezera kutumiza fizi. Auzeni msanga, poganiziranso mmene ndalama zakunja zimavutira kupeza m'mabanki a kwathu. Mukalandira pepalalo, onani kuti dzina lalembedwa monga lilili mu pasipoti, nambala ya pasipoti ndi yolondola, ndipo tsiku loyambira ndi lothera zikuoneka bwino.

Wa viza ya ntchito kapena mlendo sakakamizidwa ndi lamulo kukhala ndi medical aid. Komabe ndikupemphani muganizepo mofatsa, makamaka ngati muli ndi banja kuno. Malamulo oyendetsera dziko la South Africa, pa gawo 27, amati munthu aliyense asakanizidwe chithandizo cha mwadzidzidzi, ndipo mu Epulo 2023 khoti lalikulu la ku Gauteng linatsimikiza kuti amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana osakwana zaka zisanu ndi chimodzi alandire chithandizo chaulere m'zipatala za boma mosayang'ana dziko lawo. Umenewo ndi ufulu weniweni ndipo muudziwe. Koma matenda otenga nthawi, monga a impso ofuna makina osefera magazi kapena khansa, ndi nkhani yovuta kwa mlendo m'zipatala za boma, ndipo chipatala cholipira chimafuna ndalama zambiri pakhomo musanagonekedwe. Lamulo la inshuwaransi ya dziko lonse, NHI, linasainidwa ndi Pulezidenti Cyril Ramaphosa pa 15 Meyi 2024, koma musakonze moyo wanu wa chaka chino modalira ilo.

Mukaganiza zolowa, dziwani zinthu izi musanasaine. Bungwe lotseguka silingakukaneni chifukwa cha msinkhu kapena matenda, ndipo anthu a gawo limodzi salipitsidwa mosiyana chifukwa wina ndi wodwaladwala. Koma lamulo limalilola kukudikiritsani. Munthu wolowa koyamba, kapena amene wakhala masiku opitirira 90 opanda medical aid, akhoza kudikira miyezi itatu akulipira osathandizidwa, ndiponso miyezi 12 pa matenda amene anali nawo kale. Pakati pawerengedwa m'gulu lomweli: mayi wolowa ali kale woyembekezera asayembekeze kuti bungwe lilipira uchembere umenewo. Apa ndi pamene kudumphitsa miyezi kumapwetekera. Ena viza ikangotuluka amasiya kulipira poti pepala lagwira kale ntchito yake. Akatero aphwanya zofunika za viza, ndipo akadzabwerera patapita miyezi inayi kudikira kuja kuyambiranso.

Palinso chilango cha olowa mochedwa. Munthu wopitirira zaka 35 amene sanakhalepo mu medical aid ya ku South Africa akhoza kuwonjezeredwa mtengo wa mwezi ndi mwezi. Amawerenga zaka zimene mwakhala opanda medical aid kuchokera pa zaka 35: chaka chimodzi mpaka zinayi amawonjezera 5 peresenti, zaka 5 mpaka 14 ndi 25 peresenti, zaka 15 mpaka 24 ndi 50 peresenti, kupitirira apo 75 peresenti. Bambo wa zaka 45 amene wangofika kumene agwera pa 25 peresenti, ndipo zaka zomwe analipira ku bungwe la kumudzi siziwerengedwa. Chilangochi chimamutsatira munthu ngakhale atasintha bungwe. Ngati muli pafupi ndi zaka 35 ndipo mukuona kuti mukhalitsa kuno, lowani tsopano ngakhale gawo lotsika.

Pa fomu yolowera nenani matenda onse amene muli nawo, kaya ndi shuga, kuthamanga kwa magazi, mphumu kapena HIV. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Bungwe likadzazindikira kuti munabisa, likhoza kuthetsa umembala wanu n'kukana bilu ya chipatala pa nthawi imene muli pabedi. Mukanena zoona, choipitsitsa n'kudikira miyezi 12, ndipo ikatha matenda amenewa ali m'gulu la omwe bungwe lililonse lolembetsedwa limakakamizidwa kulipira ngakhale pa gawo lotchipa kwambiri, omwe amatchedwa Prescribed Minimum Benefits. Funsaninso zipatala ndi madokotala omwe gawo lanu limalola, chifukwa magawo otchipa amakumangirirani ku zipatala zosankhidwa. Mukapita kwina popanda vuto la mwadzidzidzi, gawo lina la bilu ndi lanu.

Mapepala ena

Wophunzira atenge kalata ya pa sukulu yotsimikiza kuti akupitiriza maphunziro ndi nthawi imene yatsala, pamodzi ndi malonjezo amene sukulu imapereka ku Home Affairs (nthambi ya boma yoona za olowa ndi otuluka m'dziko), komanso umboni wa ndalama zodzisamalira, kawirikawiri sitetimenti ya ku banki ya miyezi itatu yodindidwa. Ngati akukulipirirani ndi makolo kapena bungwe, pakhale kalata yawo. Kumbukirani kuti viza ya sukulu imalola ganyu ya maola osapitirira 20 pa sabata.

Wa ntchito atenge kontirakiti yosainidwa ndi mbali zonse ziwiri ndi makalata a bwana olonjeza zimene lamulo limafuna. Viza za ntchito zinayamba kuyesedwa ndi mapointi mu Okutobala 2024, choncho musadalire mndandanda umene munagwiritsa ntchito zaka zisanu zapitazo. Tengani watsopano pa tsamba la VFS Global, kampani yolandira mapempho a viza, sabata yomwe mukukonza mapepala. Satifiketi ya sukulu ya kunja kwa South Africa imayenera kuunikidwa ndi SAQA, bungwe la boma loona za masatifiketi a maphunziro, ndipo kumeneko kumatenga nthawi.

Mlendo alembe kalata yofotokoza chifukwa chofunira masiku ena, aonetse ndalama zokwanira, tikiti yobwerera, ndi kalata ya amene akumusunga.

Pa viza zazitali pamafunika lipoti la dokotala losapitirira miyezi isanu ndi umodzi chilembedwere. Chithunzi cha m'chifuwa chomwe kale chinkafunika anachichotsa pa mndandanda mu 2023. Za kupolisi, kwa opempha ali m'dziko momwemo, zimafufuzidwa ndi zidindo za zala zimene amatenga pa tsiku lopereka mapepala. Pepala lililonse lijambulitseni kawiri, lina likadindidwe kuti ndi lofanana ndi lenileni, zomwe zimachitika pa polisi, ndipo lina musunge kunyumba. Zithunzi zake muziikenso mu foni ndi mu imelo.

Kupereka pempho

Kuyambira 2014 mapempho a viza saperekedwa ku maofesi a Home Affairs mwachindunji. Amadzera ku VFS Global, kampani imene imalandira mapepala n'kuwatumiza ku likulu la Home Affairs ku Pretoria, komwe chigamulo chimapangidwa. Ogwira ntchito pa VFS savomereza kapena kukana viza, choncho palibe wa pawindo amene angakufulumizitsireni chigamulo.

Fomu imadzazidwa pa intaneti. Mukamaliza mumalipira ndalama ziwiri, ya boma ndi ya VFS, kenako mumasankha tsiku lokaonekera. Mitengo imasintha, ndiye tengani yomwe yalembedwa pa tsambalo tsiku limenelo. Malo alipo ku Johannesburg, Pretoria, Cape Town, Durban, Gqeberha, Bloemfontein, Polokwane, Mbombela, Rustenburg, Kimberley ndi George. Chimene chimawerengedwa ndi tsiku limene mwaonekera n'kupereka mapepala, osati limene munadzaza fomu. M'miyezi ya kumapeto kwa chaka masiku amatha msanga, n'chifukwa chake fomu idzazidwe mwezi wathunthu tsiku lanu la pakhoma lija lisanafike.

Mupite nokha chifukwa adzakujambulani ndi kutenga zidindo za zala. Pasipoti amakubwezerani, ndipo amakupatsani lisiti yokhala ndi nambala yotsatirira pempho lanu. Lisiti imeneyi muisunge ngati chitupa, ndipo poyenda muzikhala ndi kope lake pamodzi ndi la pasipoti.

Pamene mukudikira

Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Lisiti ndi umboni woti munapempha, koma si viza. Ngati viza yanu yatha yankho lisanabwere, musatuluke m'dziko mwachisawawa, ngakhale kumudzi kutagwa zovuta, musanafufuze. Pachipata makina amangoona kuti masiku anapitirira. M'zaka zapitazi, chifukwa cha kuchuluka kwa mapempho osayankhidwa, Home Affairs yakhala ikutulutsa zilengezo zoteteza kwa kanthawi anthu odikira mayankho, koma chilengezo chilichonse chimakhala ndi tsiku lothera, ndipo kawirikawiri sichiteteza alendo a masiku ochepa. Werengani chimene chikugwira ntchito tsiku la ulendo wanu, muchisindikize, muyende nacho limodzi ndi lisiti. Medical aid pitirizani kulipira nthawi yonseyi.

Chilango cha kupitirira masiku n'cholembedwa poyera. Wopitirira ndi masiku osaposa 30 amaletsedwa kulowanso kwa miyezi 12. Wobwereza mkati mwa miyezi 24 amaletsedwa zaka ziwiri. Wopitirira ndi masiku oposa 30 amaletsedwa zaka zisanu. Kale munthu ankangolipira faindi pachipata, koma zimenezo zinatha mu 2014. Wogwidwa ali m'dziko wopanda mapepala akhoza kuimbidwa mlandu ndi kusungidwa ku Lindela, ku Krugersdorp, podikira kutumizidwa kwawo.

Pali njira ziwiri zachidule zimene ndikukuchondererani muzipewe. Yoyamba ndi kudumphira ku Lesotho, Eswatini kapena Mozambique tsiku limodzi poganiza kuti pobwera adinda masiku 30 atsopano. Kwa munthu wa dziko losachita malire ndi South Africa, monga ife, lamulo limati wobwerera kuchokera m'dziko loyandikana apitirize pa viza yake yakale, ndipo ngati yatha apatsidwe masiku osapitirira asanu ndi awiri. Masiku atsopano okwanira amaperekedwa kwa wochokera kwawo. Yachiwiri ndi kupatsira pasipoti munthu wa basi kapena wa thiraki kuti akakudinditsireni inu muli pa ntchito. Chidindo chimene sichili m'makina, kapena viza yogula, chikapezeka chimakuikani m'gulu la anthu oletsedwa kotheratu, ndipo chiletso chimenecho sichitha chokha pakapita zaka monga cha kupitirira masiku.

Yankho likatuluka

Mukalandira uthenga, pitani komwe munaperekera mapepala mutatenga pasipoti ndi lisiti. Ngati avomera, werengani viza yatsopanoyo muli pomwepo: dzina, nambala ya pasipoti, dzina la sukulu kapena la kampani, ndi tsiku lothera. Pakakhala cholakwika pemphani kuti akonze nthawi yomweyo, chifukwa viza yotchula kampani ina sikulolani kugwira ntchito pamene muli.

Ngati akana, kalata yake imatchula chifukwa. Muli ndi masiku khumi a ntchito, kuchokera pa tsiku limene mwailandira, oti muchite apilo kwa mkulu wa Home Affairs (Director-General) kudzera ku VFS komweko. Akakananso, muli ndi masiku ena khumi a ntchito okadandaula kwa nduna. Apilo iyankhe chifukwa chenichenicho chimene alemba. Ngati anati medical aid yanu sinafike kumapeto kwa chaka, ikanipo pepala latsopano losonyeza masiku onse, osati kalata yaitali yodandaula za mavuto a moyo. Nkhani ikakhala yokhudza ntchito yanu kapena ana anu, pezani loya wodziwa za malamulo olowera m'dziko. Mayunivesite angapo ali ndi maofesi a zamalamulo othandiza osauka, ndipo mabungwe monga Lawyers for Human Rights ndi Scalabrini Centre ya ku Cape Town amathandiza anthu obwera.

Amene masiku anamuthera asanapemphe sangangodzaza fomu ku VFS. Ayenera kuyamba wakaonekera ku ofesi ya Home Affairs yoona za olowa m'dziko, n'kusonyeza ndi umboni kuti chinamulepheretsa ndi chinthu chimene sakanachitira mwina, monga kugonekedwa m'chipatala. Akakhutira amamupatsa chilolezo chotchedwa Form 20, chomulola kukhala pamene akupereka pempho. Kuiwala kapena kusowa ndalama sizimveka kawirikawiri, choncho pitani ndi loya ngati mungathe. Amene analetsedwa kale pachipata akhoza kulemba apilo ali kumudzi, ataphatikiza pepala limene anamupatsa potuluka, masamba a pasipoti odindidwa, lisiti ya VFS ngati anali nayo, ndi kalata ya dokotala ngati chinamuchedwetsa ndi matenda.